Musatsegule Poto Wanga

Zaka ziwiri ndi miyezi inayi ndili pa chibwenzi ndi mwana wawo, amayi ajawa anali asanandipatsepo moni wa padzanja. Akandiona ankayamba kuyang'ana kumutu kwanga, kenako zikhadabo, n'kuusa moyo ngati munthu amene wapeza ntchentche mu tiyi. Dzina langa ankalidziwa bwinobwino, koma pakamwa pawo ndinali "wamatsitsi uja". Inde, ndili ndi saluni. Ndinaitsegula ndekha, ili ndi mipando inayi ndi madulaya awiri oumitsira tsitsi, ndipo akazi a mabwana amachita kuimba foni kupempha malo. Koma kwa amayiwo ndinali munthu wongotokosa m'mitu ya anthu.

Mwana wawoyo ine ndimamutchula kuti Tionamawa. Kukampani yomanga misewu kumene amagwira ntchito amamutcha bwana, ndipo akangokweza chala amuna makumi anayi amanyamula mafosholo. Koma mufunseni kuti, "Kodi amayi ako ukawauza liti za ife?" Amakanda kunkhongo, n'kumwetulira ndi mano ake okongolawo, n'kuyankha kuti tiona mawa. Ndimamukonda, sindibisa. Ndimamukonda mpaka ndimadzikwiyira ndekha.

Lachisanu madzulo anandipeza ndikusesa tsitsi pansi. Anaima pakhomo akuzunguza makiyi a galimoto pachala.

"Amayi avomera," anatero.

Ndinatsamira tsache. "Avomera chiyani?"

"Kuti ubwere kunyumba Lamlungu, udzaphike chakudya chamasana. Akuti akakhutira, tiyambe zokonzekera ukwati."

"Akakhutira. Ndiye kuti ndi intavyu?"

"Usatero iwe. Umenewu ndi mwayi."

"Akamafuna wantchito wa m'nyumba amateronso. Amati bwera udzaphike tikuone."

Anaseka, koma kusekako kunathera pakhosi. Ndinamufunsa kuti patebulo padzakhala ndani.

"Amayi, abambo, ine." Anakanda kunkhongo. "Ndi Nesi."

Nesi ndi mwana wa mnzawo wa amayi ake, ndipo amagwira ntchito kuchipatala. Chiwagwirireni sitiroko abambo a Tionamawa chaka chatha, mtsikanayu wakhala akupita kunyumbako kukawayeza bipi, ndipo amayi akamamutchula mawu amafewa ngati akunena za mwana wobereka okha. Aliyense ankadziwa kuti mpongozi amene ankamufuna ndi ameneyo.

"Akungodzawayeza abambo," anatero Tionamawa.

"Lamlungu, nthawi ya chakudya. Bipi yake ndi yodziwa nthawi."

"Ubwera kapena ayi?"

"Ndibwera. Koma ndiphika zimene ndikufuna ine, mmene ndimaphikira ine. Ndipo ukawauze amayi ako kuti chakudya chidzapsa 3 koloko, osati 12. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva chiyani?"

"3 koloko. Ndiwauza, usadandaule."

*

Loweruka m'mawa ndinawalembera uthenga achemwali anga, amene anandilera makolo athu atamwalira.

"Achemwali, andiitana kukalemba mayeso a m'khitchini."

Anayankha nthawi yomweyo. "Kaphike mpunga ndi nkhuku, zinthu zimene akuzidziwa. Usakachiteko zako zija."

"Ndikaphika nyama ya viniga ija, ya m'poto wamagetsi."

"Mwana iwe mutu ukugwira? Viniga kwa apongozi?"

"Sanakhalebe apongozi anga."

"Ndi pakamwa pakopo sadzakhalanso."

Poto ameneyu ndinamugula chifukwa cha saluni. Munthu wotuluka m'nyumba m'mawa n'kubwerako dzuwa litalowa sangamayambe kuwiritsa nyama ataima tsiku lonse. Poto wakeyo ndi wolemera, wa chivundikiro chagalasi. Umaikamo zonse m'mawa, n'kulumikiza kumagetsi, iye n'kumaphika pang'onopang'ono maola asanu ndi atatu, osabwata, osapsereza. Lamulo lake ndi limodzi basi: osatsegula. Ukangovundukula, nthunzi yonse imathawa, ndipo poto amatenga theka la ola kuti abwerere pamene anali.

Kubutchala ndinapempha nyama ya paphewa, chimphumphu chimodzi chachikulu, osadula.

"Yolimbatu imeneyi, mayi," anatero wabutchala. "Ngati kuli alendo tengani yofewa, ya fileti. Iyi muwathyola mano."

"Ndikufuna yolimba yomweyo, yamitsempha, yamafuta pang'ono."

Anandiyang'ana mondimvera chisoni. Anthu onse m'dziko muno amadziwa kuphika kuposa ine, mpaka munthu amene ntchito yake imathera pa chikwanje.

*

Lamlungu ndinagogoda kwawo 6 koloko itangokwana, poto ndakumbatira pachifuwa, zikwama ziwiri zili m'manja mwa Tionamawa. Amayi anatsegula atavala duku wogonera. Ndinawapatsa moni mwaulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa. Iwo anapereka moni kwa poto.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Ndi poto wophikira, amayi."

"M'nyumba muno mulibe mapoto?"

"Alimo, amayi. Koma uyu ndi wamagetsi."

"Eya. Poto wa anthu aulesi uja. Ndinamuona pa TV."

Khitchini yawo inali yaukhondo wochititsa mantha. Makapu anali atapachikidwa motsatana msinkhu, nsalu zopukutira mbale zosita, ndipo pakhoma panali pepala la nthawi za mankhwala a abambo. Amayi anakoka mpando n'kukhala pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Tionamawa anaika zikwama pansi n'kunena kuti akukatsuka galimoto. Galimotoyo inali yotsuka dzulo lake.

Ndinapukuta nyama ndi kansalu mpaka inauma, n'kuipaka mchere ndi tsabola wakuda. Ndinatenthetsa mafuta m'chiwaya mpaka anayamba kufuka, n'kuigoneka. Inalira kuti tswaa. Ndinaisiya osaigwedeza mpaka mbali imodzi inachita bulauni, kenako inayo, kenako m'mphepete monse.

"Nyama yonseyo osadula? Anthu azidzaluma mosinthana?"

"Idzadulika yokha, amayi."

"Nyama yodulika yokha. Ndakalamba ine."

Pansi pa poto ndinayala anyezi, karoti ndi mbatatesi zikuluzikulu, pamwamba pake nyama ija. M'chiwaya chotenthacho ndinaponyamo adyo, kenako ndinatsegula botolo la viniga wakuda uja, wa balisamiki, n'kuthira theka la kapu. Fungo lake linakwera nthawi imodzi, lowawasa, lolasa m'mphuno. Amayi anadzuka pampando akutsokomola.

"Ukuthira chiyani m'chakudya cha mwamuna wanga?"

"Viniga, amayi."

"Viniga ine ndimatsukira mawindo."

"Uyu ndi wina, wa mphesa. Akaphikika kuwawasa kumatha, amasanduka wotsekemera."

"Kapena wasokoneza ndi mankhwala ako a tsitsi? Mtundu wake ndi womwewo."

Ndinaluma mlomo. Ndinathira uchi supuni ziwiri ndi kapu imodzi ya msuzi, n'kupala zonse zokakamira pansi pa chiwaya, chifukwa kukoma kumakhala pamenepo. Ndinakhuthulira pa nyama, n'kuvundikira, n'kutembenuza kabatani pa moto wochepa. Nthawi inali 7 koloko.

"Madzi ake ndi omwewo? Sanafike n'komwe pakati."

"Akwana, amayi. Nyama itulutsa ake. Chimene ndikupempha n'chimodzi: pasakhale wotsegula mpaka 3 koloko."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "3 koloko? M'nyumba muno timadya 12 koloko. Abambo amamwa mankhwala 1 koloko, atadya."

"Mwana wanu sanakuuzeni?"

"Andiuze chiyani?"

Pawindo ndinamuona bwana wa amuna makumi anayi akupukuta tayala ndi mtima wake wonse.

*

Ndinatuluka kukamupeza.

"Sunawauze."

"Ndimafuna ndiwauze dzulo, koma anali atatopa."

"Mawu awiri okha. 3 koloko. Anakulemera?"

"Sungangowonjezera moto kuti ipse msanga?"

"Iweyo ungawonjezere moto kuti msewu wako uume msanga?"

Ndinamusiya ndi tayala lakelo.

Nditabwerera m'khitchini ndinapeza chivundikiro chili pambali, amayi ataweramira m'poto ndi foloko, akuibaya nyama yanga.

"Sikuwira," anatero. "Poto wako wafa."

"Sawira, amayi. Amaphika chomwecho."

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikuphika. Chinthu chosawira sichipsa."

Ndinavundikira. Theka la ola linapita pamenepo. Ndinapita kukasenda zipatso pasinki, ndipo nditatembenuka anali atatsegulanso, ketulo ili m'manja, akufuna kuthiramo madzi. Ndinaigwira ketuloyo ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, koma sindinaisiye. Tinayang'anana kanthawi, iwo akukoka, ine ndikumwetulira. Anaisiya, n'kunena kuti ana a masiku ano alibe mwambo, n'kupita kukaimba foni kuchipinda. Sindinavutike kuganiza kuti akuimbira ndani.

*

Nesi anafika 10 koloko. Kachikwama ka makina a bipi kanali paphewa, koma m'manja munali mbale yaikulu yovundikira ndi nsalu yoyera. Anali atavala diresi yobiriwira yomukhala bwino, sindinama. Tsitsi lokha ndi limene linandimvetsa chisoni. Amene anamuluka anakoka kwambiri kutsogolo, ndipo pakatha chaka mphumi idzafika pakati pa mutu.

"Mwana wanga wafika," anatero amayi, akumukumbatira. "Wanyamulanso chiyani, iwenso?"

"Kankhuku chabe, amayi. Munati mwina kuno zinthu zichedwa."

Analowa m'khitchini akununkhiza. Anandipatsa moni wa nsonga za zala.

"Asisi, muli bwanji? Ndamva kuti mwabwera ndi zachilendo."

"Ndili bwino, kaya inu? Ndamva kuti mwabwera kudzayeza bipi."

"Ndayamba ndi ya amayi. Yakwera." Anayandikira poto. "Fungo limeneli ndi viniga? Mukudziwa, kuchipatala timalandira anthu ambiri otsegula m'mimba. Ophika ena nyama ikayamba kuwonongeka amaithira viniga kuti fungo lisamveke. Sindikunena inu."

"Mukanakhala mukunena ine mukananena, si choncho?"

Anamwetulira, n'kugwira chivundikiro, n'kutsegula pamaso panga. Nthunzi yanga yonse inakwera kudenga. Anasuzumira, n'kukwinya mphuno, n'kutseka.

"Yakuda bii," anauza amayi.

Kutsegula kachitatu kameneko. 3 koloko yanga inali itasanduka hafu pasiti folo.

Ndinatsegula chikwama changa n'kutulutsa mpukutu wa ulusi wakuda umene timasokera mawigi, umene sungauduke ndi manja ngakhale utalimba bwanji. Ndinaukulunga pa chigwiriro cha kumanzere, kudutsa pamwamba pa chivundikiro, kukafika cha kumanja, kubwereranso, kasanu ndi kawiri. Ndinamanga mfundo imene ndimamanga pamutu pa mkwatibwi woti akavina tsiku lonse. Kenako ndinakoka kampando n'kukhala patsogolo pa poto.

"Taonani, amayi," anatero Nesi. "Poto amuluka."

"Akudziwa zomwezo," anayankha amayi. "Musiye."

Anatuluka akuseka. Ine ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana timadontho ta nthunzi tikutsetsereka mkati mwa galasi, mtima ukuwawa. Ndinadzifunsa kuti munthu wa bizinesi yangayanga ndikulonderanji poto m'nyumba ya eni. Yankho ndinkalidziwa, ndipo linali panja likupukuta tayala lachinayi.

*

12 koloko anayala tebulo. Anandiitana kuti ndikakhale nawo, osati chifukwa chondifuna, koma kuti ndione bwino nkhuku ya Nesi ikudyedwa.

Aka kanali koyamba kuwaona pafupi abambo a Tionamawa. Anawabweretsa pa njinga ya odwala, bambo wamtali amene thupi linali litatha, kolala ya shati ikulendewera m'khosi. Mbali ya kumanja ya nkhope inali yogwa, ndipo dzanja la kumanja linali gone pamwendo. Ndinagwada pambali pawo n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu. Mwa anthu onse a m'nyumbamo, ndi iwo okha amene anandiyang'ana kumaso.

Nkhuku inali yokazinga mpaka kuuma. Amayi anaitama asanailawe n'komwe.

"Izi ndiye zophika. Munthu waphika, chakudya chafika pa nthawi yake. Osati zomangirira ndi ulusi."

Nesi anaduladula kachidutswa n'kuwapatsa abambo. Anatafuna mbali imodzi, anatafunabe, nsagwada ikunjenjemera. Kenako anatsokomola n'kulavulira m'kansalu. Maso awo anagwa pansi ndi manyazi. Amayi anachotsa mbaleyo msangamsanga n'kubweretsa ina ya mbatatesi yosinja ndi supu wamadzimadzi.

"Chaka chathunthu akudya zimenezi," anandinong'oneza Tionamawa. "Nyama imawakanika. Ankaikonda koopsa."

Abambo anadya masupuni anayi, n'kukankha mbale. Anamwa mankhwala awo, ndipo anawabwezera kuchipinda.

"Iwe sukudya?" anandifunsa amayi.

"Ndidikira yanga, amayi."

"Udikira mpaka Lolemba."

Nesi anaseka n'kugwira mkono wa Tionamawa. "Achimwene, onjezerani. Mwaonda masiku ano. Kaya amakudyetsani chiyani kumene mumadyako."

Ndinadikira kuti achotse mkonowo. Ndinadikira kuti anene kanthu, ngakhale kakang'ono, koti amayi ndi mlendo wawo adziwe kuti mkazi wakhala apayu ndi wake. Iye anatenga ntchafu yachiwiri.

Pansi pa tebulo ndinamulembera uthenga. "Ukamaliza ntchafuyo ufunsenso mtima. Mwina Nesi ali nawo wapadera woti akubwereke."

Foni yake inalira m'thumba. Anaiwerenga, n'kumwa madzi.

*

Hafu pasiti folo ndinadula ulusi ndi lumo langa. Fungo linali litadzaza kale nyumba yonse, ndipo silinalinso lowawasa lija. Linali lolemera, lotsekemera, la nyama ndi anyezi wosungunuka, loti munthu wokhuta amvenso njala. Amayi anali atadutsa pakhomo la khitchini kanayi, ulendo uliwonse akufuna chinthu chimene sanachipeze.

Nyama inali yakuda, yonyezimira. Nditaikhudza ndi supuni inagawanika yokha. Ndinaitulutsa mosamala ndi zipande ziwiri kuti isaphwasukire m'poto. Msuzi ndinautsanulira m'chiwaya, n'kuyengula mafuta a pamwamba, n'kuuwiritsa mpaka unalimba moti unkamatirira kusupuni. Ndinathira pa nyama, karoti ndi mbatatesi kuzungulira, n'kunyamula kupita patebulo.

"Takhuta ife," anatero amayi, maso ali pa mbale.

"Palibe vuto, amayi. Ndipita nayo kwathu."

Kuchipinda kunamveka kugogoda, ndodo ikumenya pansi. Tionamawa anathamangira komweko, ndipo anabwera akukankha njinga ya abambo ake.

"Akuloza kuno, akufuna chimene chikununkhiracho."

"Sangathe," anatero Nesi. "Atsamwa. Ndipo viniga ndi mankhwala awo..."

"Viniga theka la kapu pa nyama yonseyi, ndipo waphikika tsiku lathunthu," ndinatero. "Ngati pali buku la kuchipatala loletsa, tiwerengereni."

Sanatiwerengere.

Ndinatenga kachidutswa, n'kukaphwanya ndi kumbuyo kwa supuni mpaka kanasanduka timaulusi tofewa, n'kukanyika mumsuzi. Ndinawapatsa supuniyo m'dzanja lamanzere, limene limagwira ntchito. Anaika m'kamwa. Sanatafune n'komwe kawiri, anameza. Anatseka maso. Atatsegula anatambasula supuni kuloza mbale.

Anadya mbale yathunthu. Anadya karoti, anadya mbatatesi, anapala msuzi. Misozi inkatsika mbali yogwa ija ya nkhope, iwo osaipukuta, akungodya. Tionamawa anatembenukira kukhoma akusisita maso.

Amayi anatenga foloko, n'kudula kachidutswa kakang'ono ngati akuopa kuti kawaluma. Anatafuna. Anadulanso kena kokulirapo.

"Mchere wachepa," anatero.

Anatenganso kachitatu. Nditayang'ana Nesi kuti ndione nkhope ya munthu wogonja, ndinapeza akumwetulira, ndipo kumwetulira kwake sikunandisangalatse.

*

"Bwera kuno, mwana wanga."

Ndinatembenuka kuti ndione ngati Nesi ali kumbuyo kwanga. Ayi, amayi ankaitana ine. Anandigwira dzanja, koyamba m'zaka ziwiri ndi miyezi inayi, n'kunditsogolera m'khonde la mkati. Mtima wanga, chitsiru, unayamba kuvina.

"Ndakuona," anatero. "Pakamwa pako ndi pakuthwa, koma manja ali bwino. Ndiponso ndiwe wopirira. Munthu wokhala pakampando maola asanu ndi limodzi kulondera poto ndi amene ndikumufuna. Ukwati uchitike mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa, amayi? Si msanga kwambiri?"

"Nthawi palibe. Taona chipinda chako."

Anatsegula chitseko choyandikana ndi chipinda cha abambo. Munali bedi laling'ono la munthu mmodzi, kabati, ndi kabelu pamwamba pa chitseko, chingwe chake chodutsa pakhoma kupita kuchipinda chinacho.

"Akafuna kanthu amakoka chingwe, iwe umva. Amadzuka 5 koloko, kuwasambitsa, kuwatembenuza, mankhwala katatu patsiku. Msana wangawu watha, sindingathenso kuwanyamula. Antchito ndalemba atatu, onse akuba ndi aulesi. Munthu wa m'banja ndiye amasamala ndi mtima. Za saluni zija uzitseka, kapena upeze wina."

"Bedi ili ndi la munthu mmodzi, amayi."

"Nanga ufuna lalikulu la chiyani, mwamuna wako kulibe?"

Belu la foni yawo linalira kuchipinda chochezera, ndipo anandisiya nditaima pamenepo.

*

Nesi ndinamupeza m'khitchini akudya nyama yanga chiimire, kuchokera m'poto momwe.

"Yokoma, asisi. Ndikunena zoona. Mwapambana."

"Mwamuna wanga kulibe, akutanthauza chiyani?"

Ananyambita supuni. "Sanakuuzeni? Ayi ndithu, achimwene ajawa. Kampani ikuwatumiza kunja, kukamanga msewu. Zaka zitatu. Malo ake ndi a m'tchire, saloleza kupita ndi mabanja. Amayi anawauza kuti sachoka m'nyumba muno asanasiye mkazi woti aziwasamalira abambo."

"Ndiye inu mumalimbirana nane zimenezi?"

"Ine?" Anaseka mpaka anagwira sinki. "Ine anayamba kundifunsa, miyezi iwiri yapitayo. Amayi anachita kubwera kunyumba kwathu. Ndinakana. Odwala ndimawasamala kuntchito, ndipo ikakwana nthawi ndimaweruka. Lero anangondipempha kuti ndibwere ndi nkhuku, ndikukwiyitseni pang'ono, aone ngati mumathawa zinthu zikavuta. Simunathawe."

Anatsuka supuni, n'kuipukuta, n'kuibwezera m'malo mwake mwa munthu wodziwa khitchiniyo.

"Koma tsitsi langali mudzandikonzeko musanatseke saluni. Akuti mumatha."

*

Ndinatsuka poto wanga, n'kumupukuta, n'kukulunga chingwe chake. Tionamawa analowa nkhope ikuwala, manja atatambasula.

"Wamva? Avomera. Ndinakuuza kuti..."

"Unasaina liti?"

Manja anatsika. "Chiyani?"

"Zaka zitatu. Unasaina liti?"

Anayang'ana kukhomo, ngati kuti amayi ake abwera kudzamuyankhira.

"Mwezi wathawu."

"Unyamuka liti?"

"Pakatha masabata asanu ndi limodzi. Ndimafuna ndikuuze, koma ndinaona kuti ndiyambe ndaona ngati amayi..."

"Ngati amayi andilemba ntchito."

"Si choncho. Ndimakukonda, ukudziwa. Zaka zitatu si zambiri. Ndikabwerako tidzakhala ndi nyumba yathu, ndidzakutsegulira saluni ina yaikulu kuposa..."

"Nesi akanavomera, bwenzi ukundiuza chiyani lero?"

Anakanda kunkhongo. Ndinamuyang'ana bwinobwino, mwamuna wamtali, wa mapewa otambalala, amene ndinakana amuna awiri abwinobwino chifukwa cha iye. Ndinafunafuna chikondi chija mumtima mwanga ndipo ndinachipeza chilipobe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandinyansa kwambiri.

"Suntha," ndinatero.

Ndinanyamula poto n'kudutsa. Kuti ndifike kukhomo ndinayenera kudutsa m'chipinda chochezera, mmene amayi anali pa foni akuuza munthu wina kuti vuto lija latha. Pafupi ndi chitseko panali njinga ya abambo. Anali atawasiya pamenepo kuti awombedwe mphepo, kansalu kothimbirira msuzi kakadali pachifuwa.

Ndikudutsa, dzanja lawo lamanzere linagwira mkono wanga. Linalibe mphamvu, ndikanatha kulichotsa ndi chala chimodzi. Anayesa kulankhula, mlomo ukukana, mpaka mawu anatuluka amodziamodzi.

"Zi... ko... mo, mwa... nanga."

Amayi anasiya kulankhula pa foni. Tionamawa anaima kumbuyo kwanga, ndipo ndinamva akupuma mwadzidzidzi. Pambuyo pake ndinamva kuti bamboyo anali asanatulutse mawu omveka kwa miyezi isanu ndi iwiri.

Abambo sankadziwa kalikonse za chipinda chimene anandikonzera, za mayeso, kapena za mwana wawo wamanthayo. Ankangondiyang'ana kumaso, dzanja likadali pamkono wanga.

"U... bwe... ranso?"

Chitseko chinali chotsegula, msewu uli pomwepo. Poto ankandilemera m'manja, ndipo anthu atatu ankadikira kuti ndiyankhe.